Chobuula m'Boti la Frazer

Chileka, 3 Malichi 1982

Za mu kaseti imene yafika sabata yatha:
Anthu opatsidwa moni: 19
Kutchula Christobel: 4
Kufunsa za bondo langa: 1
Kutchula mphika umene ndinakutuma: 0
Ndege zimene zinatisokoneza tikumvera: 2
Kubuula kwa chinthu chosadziwika: 46

Wokondedwa mwana wanga Frazer,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Durban pamodzi ndi abwana ako. Ine ndili bwino, bondo ndi lomwe lija. Chimanga chayamba kukhwima, koma cha kumunsi kwa munda chinapita ndi madzi mu Febuluwale.

Kaseti yako ndinaimvera ndekha, kenaka Loweruka ndinakwera basi kupita nayo ku Lirangwe kuti a kwawo kwa Christobel amve mawu a munthu amene akufuna kukwatira mwana wawo. Ndikanadziwa ndikanapita chimanjamanja. Tinakhala pakhonde, a Salome, mayi ake a Christobel, atayitana ndi anthu oyandikana nawo omwe. Utangomaliza kupereka moni kwa abusa, chinthu chinabuula kumbuyo kwako n'kugogoda kawiri. Anthu anayang'anana. Chinabuulanso pamene umanena kuti wamusowa Christobel, ndipo apa chinakweza.

A Salome anatseka wayilesi. Anati iwo abereka ana asanu ndi awiri, kulira kwa khanda lodwala m'mimba amakudziwa. Mlongo wawo anati si khanda ayi, ndi munthu wamkulu, wamkazi, amene sakukondwa ndi zimene akumva. Wina anati ndi mbuzi. Christobel analowa m'nyumba osatulukanso.

Ine ndinaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu, sindinena chinthu ndisanawerenge. Ndabwereza kaseti yako ya pa Khirisimasi, mulibe kubuula ngakhale kumodzi. Khanda silingalire mofanana chotero, kutalika kumodzimodzi nthawi zonse. Koma kuwerenga kwanga sikungatseke pakamwa pa a Salome. Chinkhoswe tinagwirizana kuti chidzakhale Loweruka pa 7 Ogasiti, ndipo amalume ako auza kale abale onse a ku Kuntaja. Undiuze zoona: chikubuula m'botimo n'chiyani? Nanga mphika wachitsulo wa miyendo itatu, woti tidzapereke kwa mkazi wako pa tsikulo, unagula?

Ndine mayi ako,
Getrude Lekani

*

Durban, 24 Malichi 1982

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Ine ndili bwino. Kalata yanu ndawerenga n'kuseka mpaka abwana kufunsa ngati kumudzi kwabadwa mwana. Ndinawayankha kuti kumudzi ayi, koma akuti wabadwa m'boti mwawo muno.

Amayi, boti lathu limayenda ndi matanga, mphepo ndiyo imalikankha. Ulendo ukatalika munthu sangagwire chiwongolero usana ndi usiku, ndiye muli makina owongolera okha, azungu amati otopayiloti. Makinawa ali ndi kampasi yawoyawo. Boti likapatuka, kampasi imauza kamota kamene kali kumbuyo, kamotako n'kukoka tsigiro kubweza boti m'njira. Kale kankagwira ntchito mwaulemu, kamodzikamodzi. Kuyambira mu Januwale kakungokoka uku ndi uku osapuma, ndipo kubuula munamva kuja ndi komweko. Boti likuyenda ngati munthu wochokera kumowa.

Ndathira girizi, ndasintha lamba, ndapukuta mawaya, ndamanga mabawuti onse. Amakaniko abwera awiri. Padoko, madzi ali phee, makinawo amakhala ofatsa ngati mwana wa m'kwaya, amakanikowo n'kumandiyang'ana ngati wabodza. Tikangotuluka kunyanja, ayambapo.

Tsopano izi zili pa tsamba lachiwirizi musawauze a ku Lirangwe. Abwana akufuna kupita ku Mauritius mu Sepitembala, ulendo wa masiku ambiri osaona mtunda. Anena kuti tchuthi changa cha Ogasiti chilipo pokhapokha makinawa atachira, chifukwa wowasamala ndine. Akapanda kuchira ndikhala pano n'kumawamasula mpaka tsiku lonyamuka.

Mphika ndinagula kale mu Januwale, wolemera ngati mwana wa ng'ombe. Abwana aakazi safuna katundu wa kumudzi m'boti, ndiye ndinaukulunga ndi bulangete n'kuubisa. Musadandaule, palibe angaupeze.

Mumuuze Christobel kuti mkazi yekhayo amene ndimagona naye m'boti muno ndi wachitsulo, ndipo ndi wakewake.

Mwana wanu,
Frazer

*

Lirangwe, 14 Epulo 1982

Asebele,

Tikupatsani moni ife a kuno. Tadzuka, kaya inu ndi bondo lija. Wolemba ndi Christobel koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asachotsepo ngakhale amodzi.

Tsamba la kalata ya mwana wanu limene mwatitumizira tawerenga. Pamwamba pake palembedwa 1. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndikudziwa kuti pamene pali 1, 2 amakhala pafupi. Ali kuti?

Boti loyenda lokha! Asebele, ngati limayenda lokha, mwana wanu amalandirira chiyani pakutha pa mwezi? Ndinafunsa adalaivala a basi ya ku Mwanza ngati chiwongolero chimabuula. Anati chimalira kwii chikauma, koma kubuula sanamvepo. Ife anyamata a ku Joni tinawaona. A Greyson a m'mudzi muno anachoka mwana wawo ali kumsana kwa mayi ake, anabwerera mwanayo ali ndi wake kumsana. Nawonso makalata ankalemba okoma.

Sindikukuopsezani, koma kalaliki wa kumsika wa mbewu wabwera kawiri pakhomo pano kudzapempha madzi akumwa, pamene mjigo uli pafupi ndi ofesi yake. Mawu a mu kaseti sitingaphikire. Tikufuna tione chinthu chogwirika ndi manja, chosonyeza kuti mnyamatayo akubwera. Tikapanda kuona, chimera cha thobwa la chinkhoswe sitinyika.

Ndine,
Salome

Amayi, izi ndawonjezera ndekha, amayi anga atapita kudimba. Ine ndinamvetsera ndili kuchipinda, chija si munthu. Kalaliki uja madzi ndimamupatsa m'chikho chodontha. Muwauze a Frazer. Christobel.

*

Chileka, 21 Epulo 1982

Wokondedwa Frazer,

Moni. Tili bwino, tayamba kukolola.

Ndakuikira kalata ya apongozi ako m'kati muno kuti uwerenge wekha, makamaka za m'munsizo. Tsamba lachiwiri ndinabisa monga unanenera, koma iwe ndiye unalemba manambala pamwamba. Ndinakuphunzitsa ndine, choncho sindikudandaula kwambiri.

A Yobu aja amaphika kuhotela kwanu komweko akubwera pa 15 Meyi pa ndege, akazi awo andiuza kutchalitchi. Uwapatse mphikawo abwere nawo. Akayamba kudandaula za kulemera, uwakumbutse kuti ana awo atatu ndinawaphunzitsa kuwerenga, ndipo wachiwiriyo sanali wopepuka. A Salome akufuna chogwirika ndi manja. Agwire chimenecho.

Za makina ako ine sindizidziwa, koma makina anga osokera atayamba kugogoda chaka chatha sindinamasule zonse tsiku limodzi. Ndinasintha singano, n'kuyesa. Ndinasintha ulusi, n'kuyesa. Linapezeka kuti linali batani limene linagwera pansi pa mbale. Iwe wathira girizi, wasintha lamba, wapukuta mawaya, wamanga mabawuti, zonse kamodzi, monga unkachitira masamu mu Sitandade 6, kulemba yankho usanamalize kuwerenga funso. Usinthe chinthu chimodzi, uyese, kenaka china.

Mayi ako,
Getrude Lekani

*

Durban, 19 Meyi 1982

Okondedwa Amayi,

Moni wochuluka kwa inu ndi onse. Khanda lagona.

Ndinachita monga munanenera, chinthu chimodzi chokha. Sabata yatha makaniko anatsegula kamota kaja n'kuchotsamo giya imodzi, anati mano ake adyeka pang'ono. Taikamo yatsopano. Lamlungu tinatuluka m'mawa, mafunde ali aakulu ndithu, koma makina ali zii tsiku lonse, boti likuyenda mowongoka ngati mzere wa m'munda mwanu. Abwana anandigwira chanza n'kunena kuti Ogasiti yense ndi wanga. Makaniko uja tsopano akuyenda padoko ngati dokotala.

Mphika ndinawapatsa a Yobu Lachinayi, masiku awiri asananyamuke. Anaunyamula n'kuutsitsa, n'kufunsa ngati ndikukwatira munthu mmodzi kapena mudzi wonse. Za mwana wawo wachiwiri ndinawakumbutsa, anangousenza.

Ndaikamo kaseti ina, ndajambulira kunyanja dala. Mukaiyimbe ku Lirangwe mokweza, mabatire akhale atsopano. Kalaliki ujanso mumuyitane.

Mwana wanu,
Frazer

*

Chileka, 7 Juni 1982

Wokondedwa Frazer,

Moni. Tili bwino, chimanga chili m'nkhokwe.

A Yobu ndinawaona ndi maso anga ndili pakhonde la pamwamba la kubwalo la ndege. Anthu ena amatsika ndi zikwama ndi mawayilesi, iwo anatsika atakumbatira mphika, zovala zawo zonse zili m'kati mwake. Akuti anauika pamiyendo ulendo wonse, ndipo mpaka lero akuyenda motsimphina pamene akuona kuti ndikuwayang'ana.

Loweruka ndinapita ndi mphikawo ku Lirangwe. Kondakitala anafuna kuulipiritsa ngati munthu, chifukwa unatenga mpando. A Salome anauzungulira, n'kuugogoda ndi chala, n'kutsegula chivundikiro kusuzumiramo ngati mungakhale khanda lija. Kenaka anayitana Christobel n'kumuuza kuti akatenge mapira anyike. Kaseti tinamvera yonse mbali zonse ziwiri: kubuula palibe. Mlongo wawo uja anati mwina mkaziyo wathawa, koma palibe anaseka naye. Kalaliki akuti masiku ano akumwa pamjigo.

Koma pali kanthu. Ndikutsanzika, a Salome anandiperekeza mpaka pamsewu, akuyenda pang'onopang'ono. Tili pafupi ndi siteji anati: "Asebele, si kuti ndikupempha. Koma mwana aziphikira m'chitsulo cha ku Joni, mayi ake womubereka ali ndi phale, anthu aziti chiyani?"

Ndinafunsa kuti akufuna wotani. Anati wofanana nawo basi, kungoti wokulirapo pang'ono.

Ugule, mwana wanga. Udzakhala nawo pafupi zaka zambiri apongozi amenewa. Ubwere nawo wekha mu Ogasiti, a Yobu sitingawatumenso.

Mayi ako,
Getrude Lekani

*

Durban, 29 Juni 1982

Amayi,

Moni. Ine ndili moyo koma mtima suli m'malo.

Zayambiranso. Lamlungu tinatuluka ndi alendo a abwana, tisanafike patali makina anayamba kubuula kuposa kale, boti n'kumakhota mpaka mayi wina kutaya tiyi pa diresi. Tatsegulanso kamota, giya yatsopano ija ili bwinobwino, ilibe ndi chipsera chomwe. Makaniko wasiya kuyenda ngati dokotala. Abwana alembera katswiri wa ku Cape Town, koma akuti angabwere pakati pa Ogasiti, ndipo ine ndiyenera kukhalapo. Tchuthi achotsa.

Ndayesa kulembera Christobel, ndang'amba mapepala atatu. Ndalankhula mu kaseti tili kunyanja, ili m'katimu. Mukaona kuti ndi bwino mukampatse yekha, osati pakhonde.

Mphika wa apongozi ndinagula tsiku limene kalata yanu inafika, waukulu kuposa uja. Kaya ndidzaupereka chaka chiti.

Frazer

*

Chileka, 13 Julayi 1982

Frazer,

Kalata ino sindiponya ku positi, masiku atichepera. Ndikumupatsa Edson wa a Malizani amene amanyamula katundu kubwalo la ndege, apatse munthu wokwera ndege ya mawa akaiponye ku Joni komweko.

Kaseti yako sindinapereke kwa Christobel. Dzulo a Salome anabwera kuno kudzaona nsalu, ndipo anaona kasetiyo pa tebulo. Anafuna kumva. Ndinati mabatire atha. Anati iwo ali nawo m'tochi yawo. Ndinati wayilesi yanga imakana mabatire a ku Lirangwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma anamwa tiyi. Bodza lachiwiri ndilibe, choncho umvetsere.

Atachoka ndinaika makaseti ako onse anayi pa tebulo n'kuwamveranso, makalata ako ali pambali.

Ya Khirisimasi: mphika usanagule. Kubuula 0.
Ya Febuluwale: mphika uli m'boti. Kubuula 46.
Ya Meyi: mphika uli pamiyendo pa a Yobu. Kubuula 0.
Ya Juni: mphika wachiwiri, waukulu, uli m'boti. Kubuula 61.

Unandilembera kuti mu Meyi unasintha chinthu chimodzi chokha. Unasintha ziwiri. Giya inalowa, mphika unatuluka, sabata imodzimodziyo. Giya ikadali momwemo ndipo kubuula kwabwerera. Chatsala n'chiyani?

Mmene mphika ungalizire makina ine sindidziwa. Mwina mwendo wake ukuponda waya. Mwina ukulemetsa boti mbali imodzi, poti a Yobu akuti unawapinda msana. Zimenezo ndi zako. Changa ndi ichi: utulutse mphikawo, uusiye pamtunda, upite kunyanja. Usakhudze china chilichonse, ngakhale girizi. Ukabwerako uubwezere pamalo pake, upitenso. Abwana aakazi akakalipa, akalipe. Kukalipa kumatha tsiku lomwelo, koma thobwa la a Salome likasasa popanda mkwati tidzalimva mpaka ine kumanda.

Mayi ako,
Getrude Lekani

*

Durban, 23 Julayi 1982

Okondedwa Amayi,

Moni, moni, moni. Uzani amalume achape jekete.

Kalata yanu ndinawerenga nditakhala pabedi langa, ndipo ndisanamalize ndinaimirira ngati ndakhalira moto. Mphika ndimaubisa m'kabati ya pansi pa bedilo. Kuseri kwa thabwa la kabatiyo, kutalika kwa chikhatho chimodzi, ndi kumene anamangirira kampasi ya makina aja. Ndinkadziwa ndithu kuti ili pamenepo, ndimaipukuta ndine. Koma phokoso limamveka kumbuyo kwa boti kumene kuli kamota, ndiye tonse tinkathamangira komweko ndi masipanala.

Si waya ayi, Amayi, ndiponso si kulemera. Mukukumbukira mmene munkatisonyezera m'kalasi, kuyandikiza msomali ku kampasi, muvi wake n'kumautsatira? Uwu ndi msomali wa miyendo itatu. Padoko mphika umangokhala, kampasi n'kukhalanso. Kunyanja boti likapendama, mphika umasendera uku, kampasi n'kuutsatira, kamota n'kukoka tsigiro poganiza kuti tasochera. Likapendamira kwina, zonse n'kubwerera. Miyezi yonseyi kamota kosalakwako kamathamangitsana ndi mphika.

Kuwauza abwana ndiye kunali kovuta. Ndinautulutsa pamaso pawo, ndikuvundukula bulangete pang'onopang'ono. Anauyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kufunsa kuti ndi wa chiyani. Ndinafotokoza kuti kwathu pa chinkhoswe a kuchimuna amapereka ziwiya kwa mkazi, a kuchikazi n'kupereka khasu ndi nkhwangwa kwa mwamuna. Anafunsa ngati khasu ndi nkhwangwazo ndidzabwera nazonso m'boti mwawo.

Tinachita monga munalamulira. Mphika pamtunda: zii. Mphika m'kabati: kubuula. Abwana anakondwa nazo mpaka anayamba kusewera, kuuyandikiza ndi kuutalikitsa, boti likukhota ngati galu wotsatira fupa. Anaseka mpaka kukhala pansi. Abwana aakazi sanaseke, koma sanandichotse ntchito. Anati mphikawo ugone ku ofesi ya padoko mpaka tsiku langa lonyamuka. Katswiri wa ku Cape Town amulembera kuti asavutike. Makaniko akuti giya ija inali yodyeka ndithu, ndipo tamusiya nazo.

Ndifika Lachitatu pa 4 Ogasiti. Mukaime pakhonde la pamwamba paja. Wokumbatira mphika ndidzakhala ine. Kaseti ya Juni ija muifufute, Christobel asadzamve mmene ndinkalirira. Munawerenga kubuula 61, koma ndikuganiza kuti kwina kunali kwanga.

Mwana wanu,
Frazer

*

Chileka, 9 Ogasiti 1982

Okondedwa Asebele,

Tikupatsani moni. Tinafika bwino Loweruka madzulo, ngakhale lole ya amalume ake a Frazer inatipumitsa pa Lunzu. Zikomo chifukwa cha kutilandira kwanu. Thobwa linali lokoma, ndipo a ku Kuntaja akulitchulabe.

Ndabweza beseni lanu ndi mipando iwiri ya kutchalitchi kudzera mwa wobweretsa kalata ino. Ndaikamonso tsamba lachiwiri lija munkafunsa mu Epulo. Munanena zoona, 2 anali pafupi. Mabatire a ku Lirangwe nawonso wayilesi yanga yayamba kuwalola.

Munandifunsa pamaso pa anthu ngati mphika wanu sudzasokoneza wayilesi kapena nkhuku. Ndafunsa Frazer. Akuti umasokoneza kampasi yokha, ndipo inu njira ya kudimba mumaidziwa. Akutinso khasu ndi nkhwangwa zimene mwamupatsa azisiya kuno kwa ine, abwana ake anamulumbiritsa.

Mlongo wanu mumuuze kuti tamukhululukira. Ndinamuona akumuyang'anitsitsa Frazer kumanja ngati angapeze mphete ina, koma pomaliza anavina kuposa tonse.

Nazi zimene ndinawerenga pa tsikulo, musunge:

Anthu a kuchimuna: 38
Anthu a kuchikazi: 74, osawerengera ana
Atsikana ofundidwa nsalu amene anatibweretsera tisanapeze Christobel: 3
Tambala: 1
Msoti: 1
Kalaliki: 1, anakhala kumbuyo, anamwa thobwa m'chikho chabwino
Miphika ya miyendo itatu: 2
Miyendo yake: 6
Mkwati: 1, anafika pa nthawi yake
Kubuula: 1, inuyo asebele, pamene munakana kuthandizidwa n'kusenza mphika wanu nokha.

Ndine sebele wanu,
Getrude Lekani